Chimbale Chaulere cha Nangozo

Padangokhala! Vomerani msanga kuti tili tonse, abale, chifukwa nthano iyi yandidzaza m'kamwa ndipo sindingathenso kuisunga.

Panali Nyenje wina, dzina lake Nangozo. Moyo wa nyenje mukuudziwa: zimakulira pansi pa nthaka zaka zisanu ndi ziwiri, zikatuluka zimapatsidwa chilimwe chimodzi chokha, mvula yoyamba ikangogwa basi, kwawo kwatha. Palibe nyenje imene inaonapo mayi ake, ndipo palibe imene inaonapo ana ake.

Zaka zonsezo Nangozo sanakhale chigonere ngati anzake. Ankapeka nyimbo. Tsiku limene anatuluka anali nazo khumi ndi ziwiri, zonse zakupsa, ndipo mapiko atangouma anathamangira kwa Chule, mkulu wa oyimba ng'oma, amene anali ndi kachipinda kojambulira nyimbo.

Atangoyimba yoyamba, Chule anangoti kukamwa yasa.

"Achemwali, nyimbo izi mwazitenga kuti?"

"Kumene ndachokera."

"Kumdima kuja kumatuluka zotere? Khalani pompo, musasunthe, musayetsemule! Tijambula lero lomwe."

Masiku atatu okha, chimbale chatha.

"Tsopano tikalembetse kwa Mlembi wa Nyimbo," anatero Chule, "kuti zidziwike kuti n'zanu. Tikatero tiyambe kugulitsa."

"Kulembetsako kumatenga masiku angati?"

"Mzere wake ndi wautali. Mwezi, mwina iwiri."

"Achimwene, mwezi ndiutenga kuti ine? Ndipo kugulitsa sindikufuna. Mazira ndaikira kale, ana anga adzatuluka ine kulibe. Chimene ndikufuna n'chakuti akadzatuluka adzapeze nyimbozi zili pakamwa pa aliyense, ndipo akadzafunsa kuti mwini wake ndani, adzauzidwe kuti ndi Nangozo, mayi wanu. Ndilibe munda, ndilibe mbuzi. Chowasiyira changa n'chomwecho."

Ndiye Chule anayatsanso makina, Nangozo nanena mawu oti akhale koyambirira kwa chimbale. Anati aliyense atenge nyimbozi ulere, agawire anzake, aziyimba paukwati kaya pamaliro, azisintha mmene angafunire. Anangopempha zinthu ziwiri: wotenga azitchula dzina la Nangozo, ndipo asadzatsekere mnzake zimene iye anazipeza zotsegula.

Chule anapukusa mutu. "Dzinalo lilowetseni m'kati mwa nyimbo, povomerezana penipeni, monga amachitira oyimba anzathu. Apo palibe angalichotse."

"Ine ndizidzitchula ndekha m'nyimbo? Aaa, manyazi! Kumeneko n'kudzitama. Ndanena koyambirira, kwakwana. Nyama zili ndi makutu."

Ndiye inu! Chimbale chinaikidwa pa intaneti m'mawa, pofika masana dziko lonse linali litagwedezeka! Nungu anatumizira alamu ake, alamu akewo anatumizira mpingo wonse wa Ankhanga, Ankhanga, poti pakamwa pawo mukupadziwa, anafikitsa mpaka kutsidya. Kuchigayo nyimbo za Nangozo, pamjigo nyimbo za Nangozo, m'minibasi ya Nguluwe okwera ankapitirira dala potsikira pawo kuti nyimbo ithe kaye! Ngakhale Ng'ona, amene sanasekepo chibadwire, anamupezerera akugwedeza mchira.

Imene nyama zinapenga nayo kwambiri inali nyimbo ya ana a pansi. Inkayamba motsitsa, mayi akuuza ana ake ali mumdima kuti asaope, dzuwa liliko, iye waliona ndi maso ake. Kenako inkakwera, ovomereza n'kumabwereza lonjezo la dzuwalo katatu, ng'oma ya Chule ikugunda pansi pake. Nangozo ankauluka mtengo uwu, mtengo uwo, akuseka, akulira, osadziwa kuti achite ziti.

"Achimwene, mwamva? Akuyimba ku msika!"

"Ndamva, achemwali."

"Ndi kuchipatala komwe!"

"Ndamvanso. Khalani pansi, mugwa."

Tsiku lachisanu kunabwera Nthengu, kambalame kakuda kaja ka mchira wa mphanda, kamene kamatha kulankhula ndi liwu la aliyense. Iye analibe nyimbo yakeyake ngakhale imodzi. Anatera pafupi ndi Nangozo, nawomba mapiko mwaulemu.

"Mayi, ndabwera kudzathokoza. Dzulo ndalira, lero ndalira. Koma ndifunseko, poti sukulu sindinapite nayo patali: mwati aliyense atha kutenga?"

"Aliyense, bambo."

"Ngakhale wopanda pake ngati ine?"

"Ngakhale inu. Bola muzinditchula."

"Zosavuta zimenezo. Nanga kwa Mlembi munapitako kale, eti? Ndikufunsira kuti ndikakutamandeninso komweko."

"Sindinapite. Zaulere n'kulembetseranji?"

"Zoona, zoona," anatero Nthengu. "Anthu ngati inu ndi osowa."

Nauluka molunjika ku ofesi ya Mlembi.

Mlembi wa Nyimbo anali Mleme. Ntchito yake inkayenda chonchi: wobwera ndi nyimbo ankayimba, Mleme n'kuisunga m'khutu pamodzi ndi dzina la wobweretsayo. Kuyambira pamenepo akaimva pakamwa pa wina, kaya pafoni ya wina, ankatuma asilikali ake, Amavu, kuti akaitseke. Mleme sankayang'ana nkhope ya wobwera. Ankalendewera kudenga mutu uli pansi, atatsinzina, ndipo ankanyadira kuti maso amakondera koma khutu silikondera.

Nthengu anapeza mzere wautali pakhomo. Anaima pang'ono, kenako analira kulira kwa kabawi. Mzere wonse balala! Iye n'kulowa.

"Bwana, ndabwera ndi tinyimbo tanga, khumi ndi tiwiri."

"Imba."

Nthengu anali atamvera chimbale chija mpaka kuchiloweza. Anayimba zonse ndi liwu la Nangozo lenileni, kungosiya mawu oyambirira aja.

"Dzina?"

"Nthengu, bwana. Kapolo wanu."

"Zalowa."

M'mawa mwake Nangozo anatsegula foni napeza pamene panali chimbale chake pali mawu akuti nyimbozi zili ndi mwini wake, zachotsedwa. Anayesa kuti ndi netiweki yavuta. Masana akuyimba paukwati wa mwana wa Gwape, Amavu anatulukira.

"Mayi, tsekani pakamwa. Nyimbo za a Nthengu zimenezo."

"Za yani?"

"Mwamva. Ngati muli ndi dandaulo, ofesi mukuidziwa."

Nangozo anapita, Nthengu nayenso anaitanidwa.

"Nkhani yake ndi yapafupi," anatero Mleme. "Nyimbo ili m'khutu mwangamu. Muyimbe nonse awiri. Amene afanane nayo ndiye mwini."

"Ayambe mayiwa," anatero Nthengu. "Ine ndinaleredwa."

Nangozo anayimba nyimbo ya ana a pansi. Koma mukudziwa inu, mwini nyimbo sayimba kawiri mofanana. Chijambulireni anali ataiyimba paukwati, pachinamwali, pamaliro a mkazi wa Njati, ndipo nyimboyo inali itakula. Pamene pachimbale ankapuma, tsopano ankakoka. Lonjezo la dzuwa analibwereza kanayi, chifukwa mtima unali wowawa ndipo katatu sikakanakwana. Amavu olondera pakhomo anatembenukira kukhoma kuti asaonedwe akupukuta misozi.

Kenako Nthengu. Iye anayimba ndendende ngati chimbale. Anapuma pamene chimbale chimapuma, anakwera pamene chimakwera. Ngakhale pamene Chule anatsokomola pang'ono pojambula paja, iyenso anatsokomola.

"Wachiwiriyu ndiye mwini," anatero Mleme. "Woyambayu waphonya malo asanu ndi anayi."

"Bwana, sindinaphonye! Ndaikometsa! Nyimbo ndi yanga, ndimaitembenuza mmene ndafunira!"

"Ndiye ukuvomera kuti waisintha?"

"Eya, koma..."

"Wasintha nyimbo ya eni ake popanda chilolezo. Lero ndakukhululukira. Wotsatira alowe!"

Panja Nthengu anamudikira Nangozo. "Munayimba bwino, mayi," anatero. "Mukalimbikira mudzafika."

Nangozo anakafika kwa Chule akulira. Tsiku limenelo mitambo inali itayamba kuoneka, ndipo onse awiri anaiona, koma panalibe anaitchula.

"Pukutani misozi, achemwali. Mawu anu oyambirira aja, amene munatchula dzina lanu, ali m'mafoni a dziko lonse. Tikamumvetsa Mlembi amenewo, nkhani yatha. Mufoni yanga alimo, koma adzati ndine mnzanu. Tiyeni tikabwereke ya wina."

Anayamba ndi kwa Nungu.

"Pepani mayi," anatero Nungu, akukanda pansi, "poyambira paja ndinadulapo. Pamachedwetsa gule."

Anapita kwa Ankhanga.

"Ife tinalandira yodula kale! Eti anzanga? Yodula kale! Kodi panali mawu?"

Anapita kwa Nguluwe, anamupeza akuitanira okwera.

"Okwera ankadandaula kuti nkhani zachuluka, ndiye ndinachotsa. Koma timakukondani, mayi. Tonse tikudziwa kuti n'zanu."

"Ndiye tiyeni mukanene zimenezo kwa Mlembi."

"Ku ofesi? Aaa, minibasi ndisiyira yani? Ndiponso Amavu aja akaluma saona kuti uyu ndi wamkulu. Mulungu akutsogolereni, mayi. Limbe! Limbe awiri!"

Anayenda makomo makumi anayi. Paliponse nyimbo zinalipo, paliponse ankazikonda, ndipo paliponse dzina linali litadulidwa ndi omwe ankazikondawo.

"Basi, ipita yanga yomweyi," anatero Chule. "Mawa ndibwera nayo, ndipo ndikachitira umboni ndi pakamwa pangapa. Inu mutsogole poti mumauluka. Ine ndizidumpha pambuyo."

Sanayang'ane m'mwamba. Akanayang'ana akanaona mchira wa mphanda uli lende panthambi.

M'mawa Chule ananyamuka foni ili pamutu. Atafika powolokera mtsinje anamva liwu la Nangozo likukuwa: "Achimwene, njoka! Njoka kumbuyo kwanu!" Chule sanacheuke n'komwe. Anangodziponya m'madzi, phuvu! ndi foni yomwe, nakakwirira mutu m'matope.

Nthengu anapukuta mlomo, naulukira ku ofesi. Anapeza Nangozo atafika kale.

"Mboni yako ili kuti?" anafunsa Mleme.

"Ikubwera, bwana. Miyendo yake ndi yodumpha."

Pomwepo liwu lalikulu linamveka: "Ndafika, bwana. Ndine Chule, mkulu wa ng'oma."

Nangozo anacheuka mwachimwemwe. Chule kunalibe. Unali mlomo wa Nthengu ukutseguka ndi kutsekeka.

"Bwana, tsegulani maso! Chule mulibe muno! Akulankhula ndi Nthenguyu!"

"Maso amakondera," anatero Mleme. "Ine ndikumva Chule. Ndimamudziwa, ng'oma zake analembetsa kuno. Lankhula, Chule."

"Nyimbozi ndinajambula ndine, bwana. Anabwera nazo ndi a Nthengu, munthu waulemu, wosachedwa pantchito. Mayiwa ndimawadziwanso. Ankatibweretsera madzi akumwa."

"Bodza! Asilikali inu, simukuona?"

Amavu anaona zonse. Koma ntchito yawo inali yoluma, osati yolankhula.

Dzuwa litapendeka Chule weniweni analowa, matope thupi lonse, akupuma mwabefu.

"Bwana, ndine Chule! Ndabwera kudzachitira umboni!"

"Wachitira kale."

"Ine? Liti?"

"Mboni siyankhula kawiri. Wonena izi m'mawa, izo madzulo, ndi wabodza. Kuyambira lero chonena iwe sichilowanso m'khutu langa."

"Mverani foniyi ndiye!"

Anaidina, anaigwedeza, anaiuzira mpweya. Inkangodontha madzi.

Chule ndi Nangozo anauyamba ulendo wobwerera.

"Koma munandichenjeza za njoka ndinu," anatero Chule ali panjira.

"Ine ndinali mu ofesi, achimwene."

Chule anaima, nakhala pansi pakati pa njira, nagwira kumutu.

Masiku awiri Nangozo sanadye. Mabingu anali atayamba kumveka chapatali, ndipo mapiko ake ankalemera tsiku ndi tsiku. Kwina konse nyimbo zake zinkalira, zitabwereranso pa intaneti ndi chithunzi cha Nthengu atavala chipewa. Nthengu ankaitanidwa kumaukwati, ankakhala pampando wa alendo olemekezeka, ankadya ziwala zokazinga mpaka kulephera kuuluka.

Tsiku lachitatu Nangozo anadzuka nati, "Achimwene, wakuba amatha kunyamula mwana, koma satha kubala. Ndapeza pomugwirira."

Anapita kwa Mleme.

"Bwana, ndabweranso, komaliza. Amene anapeka nyimbo khumi ndi ziwiri sangalephere kupeka imodzi. Aliyense wa ife apeke yatsopano, pompano, pamaso panu."

"Pakhutu panga," anakonza Mleme. "Koma zimenezo n'zomveka. Itanani Nthengu."

Mbiri inawanda, nyama zinadzaza ofesi mpaka panja. Nungu analipo, Ankhanga analipo, Nguluwe anaimika minibasi. Umboni ankauopa, koma zoonerera sankaziphonya. Nthengu atamva za mpikisanowo anafika pambuyo pa onse, akuzengereza.

"Lero muyambe ndinu, bambo woleredwa," anatero Nangozo.

"Ndikanakonda, mayi. Koma bwana, si lamulo lanu kuti wobweretsa mlandu ndiye amayamba?"

"Ndi lamulo langa," anatero Mleme.

Nangozo anatseka maso nayimba. Inali nyimbo yopita kwa ana omwe aja, koma tsopano mayi ankapepesa. Ankawauza kuti sananame, dzuwa lilikodi, koma sanawauze zonse: ndi lalifupi, ndipo pansi pake pali ena amene amadikira. Povomereza, lonjezo lija linabwera ngati funso, mayi akufunsa ngati ana akewo adzamukhulupirirabe. Panalibe anaphunzitsidwa, koma nyama zonse zinapezeka zikuvomereza. Chule ankaomba pamimba pake m'malo mwa ng'oma. 

"Nyimbo iyi sindinaimvepo," anatero Mleme. "Ndi yatsopano ndithu. Nthengu, yako."

Nthengu anatsegula mlomo. Munalibe kanthu. Anatsokomola, anakonza nthenga, anapempha madzi. Ankhanga anayamba kunong'onezana. Nangozo anamva mtima wake ukudzuka.

Nthengu anamwa madziwo pang'onopang'ono, ndipo pomaliza kumeza maso ake anali atawala.

"Bwana, ndisanayimbe, kafunso kamodzi, poti ndine mbuli. Nyimbo ndi yatsopano, ndavomera. Nanga liwu limene laiyimbalo ndi latsopano?"

Mleme anagwedeza makutu. "Ayi. Liwulo ndikulidziwa."

"Munalimva koyamba liti?"

"Tsiku limene unabwera ndi nyimbo khumi ndi ziwiri."

"Ndiye m'khutu mwanumo lalembedwa dzina la yani?"

"La Nthengu."

"N'zimene zikundipweteka, bwana." Nthengu anagwetsa mapiko. "Nyimbo zanga atenge, ine ndine wopatsa. Koma liwu langa? Ndakhala chete nthawi yonseyi chifukwa cha ulemu. Koma munthu azitsanzira liwu la mnzake mpaka mu ofesi ya boma? Ndipikisana naye bwanji wobwera ndi chida changa chomwe?"

"Ndi liwu langa!" anakuwa Nangozo. "Ndinabadwa nalo! Ndinakhala nalo zaka zisanu ndi ziwiri pansi pa nthaka!"

"Unalilembetsa?" anafunsa Mleme.

Nangozo anapukusa mutu.

"Ndiye mverani. Liwu ili ndi la Nthengu. Chilichonse choyimbidwa ndi liwu limeneli n'cha Nthengu, ndi nyimbo yaleroyi yomwe. Zakhala khumi ndi zitatu. Mpikisano watha. Nyenje uyu akadzamvekanso, asilikali, ntchito yanu mukuidziwa."

Nangozo anatembenukira kukhamu. "Inu nonse mukudziwa! A Nungu! A Nguluwe! Mwavomereza nane pompano, misozi sinaume n'komwe! Nenani!"

Nungu anayang'ana pafoni yake. Ankhanga, kwa nthawi yoyamba chilengedwere, anasowa chonena. Nguluwe anati okwera akumudikira.

Panja Nthengu anateranso pafupi ndi Nangozo. Ulendo uno sanaseke.

"Mayi, musandide kwambiri. Munkafuna nyimbozi zikhale pakamwa pa aliyense. Zidzakhala. Ndizisamala ine, ndimadya momwemo. Ana anu adzazimva."

"Adzazimva. Adzadziwa?"

"Zonse ziwiri?" anatero Nthengu. "Dziko silipatsa chotero."

Patapita masiku atatu mvula inagwa. Amavu sauluka mvula ikugwa, ndipo Nangozo ankadziwa zimenezo. Anakwawa mpaka pamwamba pa mtengo umene anaikira mazira, chifukwa mapiko anali atakana, nayamba kuyimba. Anayimba zonse khumi ndi zitatu, manyazi atatha, akufuula dzina lake pakati pa nyimbo iliyonse. Koma mvula inali yamabingu. Nyama zonse zinali m'nyumba, zitseko zotseka, zikumvera chimbale cha Nthengu. Anamumva ndi Chule yekha, atakhala patsinde, wopanda chojambulira.

Mvula itakata, Chule anamupeza pansi, miyendo ili m'mwamba. Anamuika yekha.

Chule anayesetsa. Pamsika, pamaliro, paliponse pamene nyimbo zija zalira, ankaimirira n'kunena za mwini wake. Poyamba nyama zinkagwedeza mutu mwachisoni. Kenako zinayamba kunena kuti mdala uja wayambanso. Ana obadwa pambuyo ankangomudziwa kuti ndi mboni yabodza ija inathamangitsidwa ku ofesi. Chaka chachinayi nayenso anamwalira.

Zaka zisanu ndi ziwiri zitakwana, nthaka inang'ambika patsinde pa mtengo uja, ana a Nangozo natuluka. Mapiko akuuma, minibasi inadutsa ikuliza nyimbo ya ana a pansi. Anawo anayang'anana. Panalibe anawaphunzitsa, koma zifuwa zawo zinayamba kunjenjemera zokha, ndipo liwu limene linatuluka linali lomwe lija la m'minibasi. Anayimba mokondwa, onse pamodzi, mpaka Amavu anafika.

Anawatengera kwa Nduna ya Zoyimbayimba. Ndunayo inali Nthengu, atanenepa, nthenga zapakhosi zitayamba kuyera.

"Ana inu, liwu mukuyimbiralo lili ndi mwini wake, ndipo mwini wake ndine. Koma ndine munthu wachifundo. Muziyimba masana dzuwa likafika paliwombo, pamene asilikali akupuma. Muzibisala kuseri kwa khungwa, ndipo wina akayandikira muzileka. Mwamva?"

"Tamva, bwana. Zikomo kwambiri, bwana."

Akutuluka, mmodzi anabwerera, wamkazi, nagwada.

"Bwana Nduna, akuti inu munalipo nthawi ya mayi athu. Munawadziwa?"

"Ndinawadziwa."

"Dzina lawo anali yani?"

Nthengu anaganiza. Anaganizadi, osati mwachinyengo, mpaka anakanda kumutu.

"Papita nthawi, mwanawe. Lathawa."

"Nanga ankayimba?"

"Ankayesetsa," anatero Nthengu. "Ankakonda kunditsanzira."

Mwanayo anawomba m'manja, nathokozanso, natsatira abale ake.

Mpaka lero nyenje zimayimba dzuwa lili paliwombo, zitabisala, ndipo ukangoyandikira mtengo zimati zii, kuyesa kuti ndiwe msilikali.

Yathera pompa. Mbatata ija kaphuleni nokha, ine sindidya.